Bokosi la Abambo Lidatsegulidwa ndi Madzi

Ife a kuchigwa cha Shire tidaphunzira tikadali ana kuti madzi saiwala khwawa, ndipo n'chifukwa chake mapira timasunga pamwamba, mbuzi timazimangira khola la m'mwamba, ndipo bwato sitilitaya ngakhale chilimwe chitalike chotani. Koma chilipo chuma china chimene ambiri a ife tidachitsekera m'bokosi lachitsulo kunsi kwa kama, tili ndi chikhulupiriro chakuti chidzatidikira kufikira tsiku limene tidzapeze mpata, ndicho mabuku amene tidagula kapena kusiyiridwa, koma osawatsegula.

Ine ndidali mmodzi wa anthu otere. Abambo anga, amene adaphunzitsa m'masukulu a kumidzi zaka zambiri, adandisiyira bokosi lodzaza, ndipo ine ndinkaonjezamo ena nthawi zonse ndikakwera mtunda wa ku Thabwa kupita ku Blantyre, kumene amalonda amayala mabuku akale m'mphepete mwa msewu. Pochita zimenezi sindidasiyane ndi kapolo uja wa m'fanizo amene adakumba pansi nabisa ndalama ya mbuye wake.

Mu Januwale 2015 Shire ndi Ruo adasefukira, midzi ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa idamira, anthu adagona m'mitengo ndi pazulu, ndipo ku Makhanga kunkafikika pa bwato kapena pa ndege basi. Ndikudziwa kuti amene adataya mwana m'madzi amenewo sayenera kumva munthu akulira mapepala, ndipo sindikuwalira. Mulungu adatisunga ndi moyo, ndipo chimenecho chidatikwanira. Koma madzi ataphwa ndidatsegula bokosi lija, ndipo ndidapeza kuti mabuku a pansi adamatana nasanduka chibuma chimodzi, pamene a pamwamba adangofufuma. Ndidawayanika pamphasa, ndi kumalekanitsa masamba ake ndi kampeni, limodzi limodzi, ndipo m'kudekha kumene ntchitoyo idafuna maso anga adagwera pa mawu, mawuwo adandikokera ku ena, kufikira dzuwa lidapendeka ndisadanyamuke pamphasapo.

Kodi chimatisiyitsa kuwerenga n'chiyani? Ena amaloza lamya za m'manja, ndipo sakunama, koma ine ndiyesa kuti nthendayi idayamba kale lamya zisadabwere. Sukulu idatiphunzitsa kuwerengera mayeso, kuloweza mayina a ampangankhani ndi mitu ya nkhani kuti tikayankhe funso, kotero kuti potsiriza Folomu 4 tidatula buku monga mlimi atulira khasu atakolola. Pambuyo pake mulu wa mabuku osawerengedwa umasanduka ngongole, ndipo munthu amaulambalala monga wangongole alambalala khomo la amene adamkongoza; mulu ukamakula, manyazi nawo amakula, ndipo dzanja limalemera.

Mankhwala ake akulu akale adawatchula ponena kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ndidasiya kuyang'ana mulu wonse, ndi kutenga buku limodzi lochepetsetsa. Nthawi ndidaipeza pamene sindidaiyembekezere: masana a mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumapyola madigiri 40, khasu silikwezeka, ngakhale nkhuku zimayasama pamthunzi, ndipo munthu alibe china chochita koma kukhala pansi pa mtengo. Buku limene lidandikana nditaliyesa masiku awiri kapena atatu ndidalipereka kwa wina mosadandaula, pakuti si ndiwo zonse zimene zikomera pakamwa pamodzi.

Loyamba kulimaliza lidali Nthondo, limene Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba ndipo lidatuluka mu 1933, litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa. Chaka chotsatira Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Ndidalidziwa kale bukuli ndili mnyamata, koma nthawi imeneyo ndinkasaka mayankho, osati munthu. Tsopano, nditalera ana anga ndi kuika maliro a makolo anga, ndidaona zimene zidandibisikira: kusweka mtima kwa kholo limene mwana wake wasanduka wakuba, kusungulumwa kwa mnyamata wopita kutali kukafuna ntchito, ndi kulemera kwa ufumu pamapewa a munthu amene mudzi wonse ukudziwa zakale zake. Zoonadi mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo awa adagonera zaka zoposa 80.

Koma limene lidandigwira mtima koposa lidali kabuku kopyapyala, kothimbirira ndi matope m'mphepete, Mbiri ya Amang'anja ka William Chafulumira, ka mu 1948. Ine amene ndidadutsa pafupi ndi nkhalango ya Khulubvi kosawerengeka, ndi kumva dzina la Mbona monga munthu amvera mphepo, ndidazindikira kuti mbiri ya kwathu idagona kunsi kwa kama wanga zaka zonsezo. Kabukuko kadandituma kukabwereka lina lalikulu, River of Blood la mu 1992, la Matthew Schoffeleers, wansembe wochokera ku Netherlands amene adakhala nafe m'chigwa muno ndi kusonkhanitsa nthano zosiyanasiyana za imfa ya Mbona, za ufumu wa Lundu, ndi za Salima, mkazi wa pakachisi wa Mbona. Pamenepo ndidayamba kuona chigwa ndi maso ena. Mudzi wa Chibisa pafupi ndi Chikwawa, kumene David Livingstone adafika mu 1859, sudalinso dzina la m'mayeso; ndipo thonje limene timalima ku Ngabu ndidalidziwa tsopano kuti makolo athu ankalilima ndi kuliwomba nsalu mzungu asadaponde dziko lino.

Madzulo ena ndidayesa kuwerenga mokweza, azakhali anga atakhala pakhonde kusenda nandolo. Iwo sadapite kusukulu, ndipo ndinkaganiza kuti angomvetsera mwaulemu, koma nditafika pa za Mbona adaika lichero pansi nati, "Imani pomwepo, mwana wa achimwene. Agogo anu sankanena choncho." Adafotokoza monga adamvera iwo ali mtsikana, ndipo tidatsutsana mwamtendere, iwo, ine ndi bukulo, kufikira udzudzu udatithamangitsira m'nyumba. M'mawa mwake adali iwo amene adafunsa kuti tidalekezera pati.

Mabuku amene adapulumuka ndidawachotsa m'bokosi, ndipo ali pathabwa limene ndidapachika ndi waya kudenga, kumene chiswe sichifika ndi kumene madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sadawakhudze. Kumanzere kuli amene tidamaliza, kumanja amene akudikira, ndipo a kumanja akadali ochuluka. Sabata ino tayamba Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, ndipo azakhali alamula kuti ana a kwa aneba aziitanidwa nyali ya sola isadayatsidwe, kuti asamatisokoneze polowa nkhani ili pakati.