Amakaniko a lamba wobisika

Mukakwera minibasi ya Toyota HiAce n'kukhala mpando wa kutsogolo, dziwani kuti mwakhalira injini. Ikakhala ya dizilo, kutsogolo kwa injiniyo, mkati mwa chivundikiro, nthawi zambiri mumakhala lamba wakuda wa mano amene amakaniko amamutchula kuti timing belt. Okwera sanamuonepo, ndipo ngakhale dalaivala amatha chaka osamuganizira. Koma pali anthu m'magalaja a ku Ndirande, ku Limbe ndi kwa Biwi amene mbiri yawo imakwera kapena kugwa chifukwa cha lamba ameneyu.

Ntchito yake ndi yosunga nthawi. Mapisitoni akamakwera ndi kutsika, mavalavu ayenera kutseguka ndi kutseka pa kamphindi kake, ndiye crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft izungulire kamodzi. Mu injini za dizilo za 3L ndi 5L, lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya mafuta. Akaduka galimoto ili pa liwiro, mavalavu amangoima pomwe ali, mapisitoni n'kubwera kudzawawomba. Mavalavu amapindika, nthawi zina camshaft imathyoka, ndipo minibasi yomwe imayenera kugona pagalaja tsiku limodzi imakhalapo masabata, hedi yake ili kwa akatswiri a makina.

Makaniko wodziwa ntchito sathamangira sipanala, amayamba waona kaye kuti injini ndi iti. HiAce ya petulo ya 1RZ kapena 2TR imayendera tcheni. Nissan Caravan ya TD27 ili ndi magiya, ilibe lamba wotere. Mu 1KD ndi 2KD lamba ndi wamfupi, chifukwa pansi pake pali magiya. Pa HiAce za dizilo pali kanyali kolembedwa T-BELT, kamene kamayaka galimoto ikayenda makilomita 100,000 kapena 150,000, malingana ndi mtundu wa galimotoyo. Kanyali kameneka sikaona lamba ayi, kamangowerenga mtunda. Munthu akhoza kukazimitsa osakhudza injini, ndipo amakaniko achinyengo ndi ogulitsa magalimoto ena amachitadi zimenezi. Ine zimandiwawa kwambiri, chifukwa wolipira chinyengocho ndi mayi amene wagona m'tchire pakati pa Zalewa ndi Balaka, mwana ali kumsana.

Ntchito yeniyeni ndi yoyenera kuionera pafupi. Mpando umatukulidwa, malamba akunja amachotsedwa, kenako bauti ya pulley ya crankshaft, yomwe imakhala yolimba moti mnyamata wophunzira amalowetsa paipi kumchira kwa sipanala kuti ayimasule. Chivundikiro chikachoka, mkulu wa galaja amapukuta magudumu a mano ndi kansanza, kufunafuna timizere tomwe fakitale inadinda. Kalikonse kayang'anane ndi kanzake. Akaphonya dzino limodzi, injini ilira koma ikhala yofooka ndi yofuka utsi. Akaphonya angapo, waipha yekha. Amagwira tensioner ndi idler, kuzizunguza pafupi ndi khutu, kumvetsera ngati bering'i ikukhekhereza. Amasisita chala pansi pa masilo, chifukwa oilo akamadontha lamba watsopano amafewa ndi kutha msanga. Lambayo sapindidwa ngati chingwe, popeza m'kati mwake muli ulusi wagalasi womwe umathyoka kunja kukuoneka bwinobwino. Akamaliza kumanga sagwira kiyi. Amazunguza injini ndi dzanja kawiri kathunthu, n'kuyang'ananso timizere tija. Apa mpamene amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wopupuluma amadziwikira pomwepa.

Anthu a ntchitoyi anaiphunzira mosiyanasiyana. Ena anadzera ku Lilongwe Technical College, ali ndi mapepala a TEVETA. Ambiri anayamba ali anyamata otsuka mabauti mu beseni la dizilo ndi kupatsira masipanala, kudya nsima ya masana ngati malipiro. Mnyamata wotere amatha kumasula giyabokosi kalekale asanaloledwe kukhudza timing. Tsiku lomwe abwana ake anena kuti, "Iwe, ika wekha, ine ndingoona," amadziwa kuti wakula.

Palinso wogulitsa masipeya, yemwe ali ndi mbali yaikulu kuposa momwe timaganizira. Pashelefu pake pali malamba a Toyota, Gates, Mitsuboshi, ndiponso ena ongobera dzina ndi katoni. Makaniko wabwino amapita yekha kukasankha, kapena amatuma kwa munthu amene amamukhulupirira, chifukwa lamba wabodza akaduka, dzina loipa limagwera iye, osati sitolo.

Koma chovuta kwambiri pa ntchitoyi ndi kukambirana ndi mwini galimoto. Makaniko akupempha ndalama pa chinthu chomwe sichinawonongeke. Minibasi ikuyenda bwinobwino, dalaivala ali ndi tageti yoti apereke madzulo, kondakitala akudya za tsiku lomwelo, ndiye kuimika galimoto kumaoneka ngati kutaya ndalama dala. Mumamva makaniko akuchonderera, "Bwana, tisinthiretu tensioner, taitsegula kale," mwiniwake n'kuyankha kuti aike lamba yekha, zinazo aziona mwezi wamawa. Tensioner yakaleyo ikagwira, imadula lamba watsopano, ndipo mlandu umabwerera pagalaja. Komatu minibasi yoyenda makilomita 300 tsiku lililonse imakwanitsa 100,000 chaka chisanathe. Eni ake ambiri sawerengera zimenezi.

Galimoto yongokhala nayonso siipulumuka. Ku Ulaya kuli magalimoto okhala ngati nyumba, ogonamo ndi kuphikiramo paulendo, ndipo ambiri amamangidwa pa Fiat Ducato. Amayenda pang'ono, nyengo yozizira amangoima, koma amakaniko a kumeneko amasinthabe lamba powerenga zaka, chifukwa labala amauma ndi kung'aluka ngakhale osagwira ntchito. N'chimodzimodzi ndi minibasi ya mpingo kapena ya sukulu kuno kwathu, yomwe imatuluka pa ukwati ndi pa maliro basi. N'chimodzimodzinso ndi galimoto yongofika kumene kuchokera ku Japan kudzera pa Songwe. Makaniko wochenjera amafufuza kapepala komwe magalaja a ku Japan amamata pa injini, kosonyeza tsiku ndi makilomita omwe lamba anasinthidwa. Akapanda kukapeza, amalangiza kuti asinthiretu galimotoyo isanayambe kunyamula anthu.

Inu eni minibasi, makaniko akakuuzani kuti nthawi ya lamba yakwana, mupatseni tsiku lathunthu ndi ndalama ya zipangizo zonse, ndipo mumulipire monga mmisiri. Akamaliza, muuzeni alembe tsiku ndi makilomita pachivundikiro ndi penti yoyera, kuti wodzatsegula pambuyo pake adzapeze poyambira.