Kodi rauta yanu yakale imvana ndi faiba?

Nkhani ya faiba yafika pakamwa pa aliyense m'matauni mwathu muno. Kaya ndi bambo wa shopu yosindikiza mapepala ku Limbe, kaya ndi mayi wa geni amene amaoda katundu ku China kudzera pa foni, kaya ndi ophunzira amene amasonkherana lendi pafupi ndi koleji ku Zomba kapena ku Mzuzu, funso lawo ndi limodzi: a kampani akadzabwera kudzakoka chingwecho, kodi rauta imene ndili nayo kale igwira ntchito, kapena ndiyambe kusakanso ndalama yogulira ina?

Funsoli si lachibwana ayi. Marauta sitipanga kuno, onse amalowa ndi madola, ndipo kuchokera pamene Banki Yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja wakhala akuchita kuboola m'thumba. Munthu wotaya rauta yabwinobwino chifukwa chomvera zam'maluwa wataya ndalama. Wogula rauta yosayenera chifukwa inali yotchipa watayanso ndalama, ndipo venda anamugulitsa uja mawa sakam'peza pamalo paja.

Yankho lake nali: marauta ambiri amagwira bwinobwino ndi faiba, koma alipo ena oti sangagwire ngakhale mutawasalira kudya. Nyanga zake kaya zikhale zinayi, mtengo kaya ukhale wotani, nkhani yonse yagona pa bowo limodzi limene lili kumbuyo kwake.

Kuti timvane bwino tiyambe ndi chingwecho. M'kati mwa chingwe cha faiba mulibe mkuwa ngati nthambo za telefoni zakale zija zimene akuba ankazikonda. Muli kaulusi ka galasi, koonda ngati tsitsi la munthu, ndipo m'kaulusimo mumayenda kuwala. Uthenga wanu wa pa WhatsApp, chithunzi cha nsapato zimene mukufuna kuoda, zonsezo zimasandutsidwa kuwala kophethira mofulumira zedi. Popeza dziko lathu silinafike kunyanja ya mchere, kuwalako kumadzera mwa anzathu. Zingwe za pansi pa Indian Ocean monga SEACOM, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy cha mu 2010, zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, kenako uthengawo nkubwera pamtunda mpaka kuno. M'dziko muno zingwe zina zimayenda pa mapolo a ESCOM, ntchito imene inagwiridwa ndi kampani ya Huawei ndipo gawo lake loyamba linatha mu 2018.

Tsono rauta wamba siimva chinenero cha kuwala. Nchifukwa chake a kampani akafika pakhomo panu amakhoma kabokosi kotchedwa ONT. Ntchito ya kabokosika ili ngati ya womasulira wa m'khoti uja: kamalandira kuwala kuchokera m'chingwe, nkukusandutsa uthenga wa magetsi woti rauta imve, ndipo yankho la rauta kamalisandutsanso kuwala. Ndiye kuti chingwe cha faiba chimathera mu ONT, mu rauta yanu sichilowa. Kuchokera pamenepo pamayenda waya wamba wa kompyuta, uja wa Ethernet, kupita ku rauta. Amene amazungulira m'mashopu nkumafunsa kuti “muli nayo rauta ya faiba?” kwenikweni akufuna rauta wamba yokhala ndi polowera waya ameneyu, koma wogulitsa wochenjera akangomva mawu akuti faiba, mtengo umakwera pompo.

Itembenuzeni rauta yanu muone kumbuyo. Mukapeza bowo lolembedwa WAN kapena Internet, lalikulu mofanana ndi mabowo olembedwa LAN koma kawirikawiri la mtundu wina, mtima ukhale pansi, nkhawa yaikulu yatha. Mukapeza kabowo kakang'ono ngati ka telefoni ya m'nyumba, kolembedwa DSL, ADSL kapena Line, popanda WAN pena paliponse, imeneyo ndi ya nthawi ya nthambo za mkuwa ndipo payokha siingakokere intaneti kuchokera ku ONT.

Apa mpamene anzathu a geni ayenera kukhala tcheru. Ku South Africa kampani ya Telkom yakhala ikuchotsa makasitomala ake pa nthambo za mkuwa nkuwasamutsira ku faiba ndi ku LTE, choncho marauta a ADSL amene anthu anasiya ali mbwee, otchipa ngati mango mu Disembala. Kunja kwake ndi okongola, timagetsi take timayaka, ngakhale dzina la Wi-Fi yake limaoneka pa foni. Chikomekome cha mkuyu. Mukaoda katoni yathunthu ku Johannesburg osayang'ana kumbuyo, mwadzigulira katundu wodzagona mu shelefu mpaka kuchita fumbi. Ena mwa marauta amenewa ali ndi bowo limodzi la ntchito ziwiri, lolembedwa LAN/WAN kapena EWAN. Amenewo ndiwo oyenera kutola pa muluwo, enawo asiyireni eni ake.

Chimodzimodzinso zimene abale athu a ku UK amatumiza. Mlongo wanu ku Leeds akakutumizirani bokosi la Virgin Media lokhala ndi polowera chingwe chopotera ngati cha dishi ya TV, landirani ndi manja awiri, muthokoze monga mwa mwambo, koma limenelo linapangidwira chingwe cha kampani imeneyo. Marauta ena amene makampani amapereka kwa makasitomala awo amakhalanso okiya, ogwira kwa iwo okha.

Nanga za simukhadi zija? Ka MiFi ka m'thumba kalibe polowetsa waya, choncho kasungeni kadzakuthandizeni pa ulendo kapena tsiku limene faiba yaduka. Koma marauta ena a 4G a patebulo, monga Huawei B315 ndi B525, bowo lawo lachinayi ndi lolembedwa LAN4/WAN. Munthu angathe kukhala nayo m'nyumba zaka osadziwa kuti ingalumikizike ku ONT, bola ngati kampani imene inamugulitsa sinatseke mbali imeneyo.

Bowo likapezeka, chatsala ndi chilolezo. Intaneti ya kampani si mjigo wa m'mudzi woti aliyense angofika ndi ndowa nkuyamba kutunga. Makampani ena anakonza zoti mukangolowetsa waya, rauta imalandira yokha zonse zofunika, njira imene amaitcha DHCP. Ena amagwiritsa ntchito PPPoE, imene imafuna kuti mulembe mu rauta dzina ndi pasiwedi zimene kampani yakupatsani. Pasiwedi imeneyi ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi imene mumabisira aneba ija. Enanso amawonjezera nambala ya VLAN, ndipo apa mpamene marauta otchipa akale amagonja, chifukwa ena alibe ndi polemba pomwe nambalayo. Safunsa anadya phula. Musanasaine pepala lililonse, afunseni a kampaniwo kuti amagwiritsa njira iti mwa zimenezi, ndiponso ngati amalola munthu kuika rauta yakeyake.

Ine ndikuona kuti limeneli siliyenera kukhala funso lochita kupempha chogwada. Munthu amene akulipira mwezi ndi mwezi ali ndi ufulu wodziwa dzina ndi pasiwedi ya laini yake, ndipo zimenezi zizilembedwa pa pepala la mgwirizano momveka bwino, m'Chichewa momwe ngati nkotheka. Bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa mu 1998 kuti liziyang'anira za mafoni, mawailesi ndi mtokoma, likanachita bwino kuwauza makampani onse kuti azitero. Kampani ikanena kuti rauta ya mwini ikavuta iwo sakonza, zimenezo nzomveka. Koma ngati ilipo yobisa pasiwedi ndi cholinga choti munthu agule bokosi lawo basi, imeneyo ikuchita za nthawi ija imene kufunsa unali mlandu.

Chinthu chimodzi chimene simuyenera kugula pamsika ndi ONT. Faiba yofika m'makomo nthawi zambiri imayenda mwa njira yotchedwa GPON: kaulusi kamodzi kochokera ku makina a kampani kamagawidwa panjira kupita ku nyumba 32 kapena 64. Pofuna kudziwa kuti uthenga uwu ndi wa ndani, makinawo amazindikira ONT iliyonse ndi nambala yake. Ya pamsika, ngakhale ikhale yatsopano ya m'pepala, makinawo saidziwa, ndipo sangaiyankhe pokhapokha eni laini atailembetsa.

Nthawi zina kabokosi kamene a kampani amabweretsa kamakhala ONT ndi rauta pamodzi, ka nyanga zake ndi Wi-Fi yake yomwe. Zikatero simufunika rauta ina. Yanu yakale ija muisandutse yothandizira: kokani waya mpaka kuchipinda cha kuseri kapena kuboyizi, izikamwaza Wi-Fi kumeneko. Waya wa Ethernet amafika mamita 100 popanda vuto. Ntchito imeneyi ngakhale ya ADSL tainyoza ija ingaigwire, bola muzimitse DHCP yake nkulowetsa wayayo pa bowo la LAN. Chosafunika nkusiya mabokosi onse awiri akulamulira, paja atambala awiri salira m'khola limodzi. Wina akalowetsa rauta yachiwiri pa bowo la WAN osasintha kanthu, intaneti imayenda ndithu, koma makamera a mu shopu amene mumafuna kuonera pa foni muli kunyumba amatha kuyamba kuvuta. Ngati mukufuna kuti yanuyo ndiyo ilamulire, apempheni a kampani aike bokosi lawo pa bridge mode.

Tsopano za liwiro, pamene anthu amapusitsidwira kwambiri. Pa katoni ya TP-Link TL-WR840N, rauta yotchuka chifukwa cha kutchipa, analembapo 300 Mbps. Nambala imeneyo ndi ya Wi-Fi, ndiponso ndi ya pa pepala chabe. Mabowo ake onse malire ndi 100 Mbps, ndiye mukalipira laini ya 200 Mbps, theka la ndalama yanu lizithera pa bowopo mwezi ulionse. Wofuna liwiro loposa 100 ayang'ane mawu akuti Gigabit kapena 10/100/1000, ndipo waya wake akhale wa Cat5e kapena Cat6, wa timawaya 8 m'kati. Alipo ena otchipa a timawaya 4 amene sapitirira 100. Koma tinene chilungamo abale anga, ndi angati mwa ife akulipira laini yotere? Ngati yanu ndi ya 10 kapena 20 Mbps, rauta yakale ija ikukwanirani, ndipo wina asakunamizeni kuti popanda Wi-Fi 6 faiba siingayende. Kumbukiraninso kuti Mbps ndi yosiyana ndi MB imene mumaona potsitsa filimu kapena manotsi. Gawani ndi 8. Laini ya 20 Mbps imatsitsa pafupifupi 2.5 MB pa sekondi, ndipo pamenepo palibe wakuberani.

Kwa ophunzira vuto limakhala kuchuluka. Anthu 15 pa karauta kamodzi, aliyense foni ndi laputopu, uyu akumvera phunziro pa Zoom, uyo ali pa mpira, ndiye kamatentha nkumangodukiza. Apa ndalama yosonkherana ndi bwino ipite ku rauta yokhala ndi 2.4 GHz ndi 5 GHz pamodzi. Ya 5 GHz ndi yothamanga ndipo siilimbirana kwambiri ndi za aneba, koma makoma a njerwa zootcha amaifooketsa msanga. Ya 2.4 GHz imafika patali koma mwaulesi. Ndipo rautayo ikhale pamwamba, pakati pa nyumba, osati mu kabati yokiya ya msungichuma wa gulu.

Chingwe cha faiba pachokha sichifuna magetsi panjira, koma ONT ndi rauta zimafuna. Magetsi akazima, zonse zii. Zambiri zimayendera 12V, zina 9V, ndipo timabatire tija tinatchuka ku South Africa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi timatha kuziyendetsa zonse ziwiri kwa maola angapo. Werengani kaye zolembedwa pa adaputa musanalumikize, chifukwa mphamvu yopyola muyezo imapsereza rauta nthawi yomweyo.

Tsiku lina mudzadzuka intaneti palibe. Musanayambe kuikwiyira rauta, yang'anani pa ONT. Kakayaka kagetsi kofiira polembedwa LOS, ndiye kuti kuwala sikukufika: chingwe chaduka panjira, mwina okumba ngalande achikhapa, kapena wina posesa wachipinda kuseri kwa kabati. Galasi silipindidwa ngati waya wa wailesi, ndipo sililumikizidwa ndi tepi ngakhale mphwanu atakhala katswiri wa zamagetsi wodziwika dera lonse. Musasuzumirenso m'kamutu ka chingwecho kuti muone ngati mukuyaka, chifukwa kuwala kwake maso sakuona koma kungathe kuwavulaza. Imbirani a kampani, muwauze kuti LOS yafiira, abwere ndi makina awo owotcherera galasi.