Kodi mumadziwa? Soda wa kositiki amadya aluminiyamu

Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Akakhalitsa pachinyezi amangotuwa, n'kumera timadontho toyera tonga ufa. Galimoto zambiri za ku Japan zimene zadzaza misewu ya Area 47 zili ndi silinda hedi ndi giyabokosi za aluminiyamu.

Potsuka zipangizo zimenezi, makaniko wodziwa ntchito, kaya wa ku Biwi kaya wa ku Old Town, amayamba ndi palafini kuti girisi asungunuke, kenaka sopo ndi madzi otentha. Kutuwako kumachoka ndi bulashi ya nayiloni. Ya waya wachitsulo imakanda pokhala gasiketi, oyilo n'kuyamba kudontha.

Choopsa ndi soda wa kositiki, uja amapangira sopo. Chitsulo amachiyeretsadi, koma aluminiyamu amamudya, n'kutulutsa mpweya wa hayidirojeni wosachedwa kuyaka. Musaviikemo chipangizo cha injini yanu.