Mabere ogula ali ndi mtengo wake

Atsikana a ku Liwonde ndi ku Balaka akhala akundifunsa za opareshoni yokulitsa mabere yomwe amaiona pa TikTok. Ndiyankhe mosapsatira.

Dokotala amacheka m'munsi mwa bere n'kulowetsa kathumba ka silikoni kapena ka madzi amchere, kuseri kwa berelo kapena pansi pa mnofu wa pachifuwa. Kathumba ka silikoni kanaikidwa koyamba mu 1962 ku Houston, ku America. Koma sikakhala mpaka kalekale. Kamatha kuphulika, mwinanso thupi limakazinga ndi chipsera cholimba, bere n'kuuma gwa, kumawawa. Zikatero ndiye opareshoni ina, ndalama zinanso.

Mu 2010 dziko la France linaletsa timatumba ta kampani ya PIP atatulukira kuti inkathiramo silikoni wa m'mafakitale. Apo n'kuti amayi miyandamiyanda m'mayiko osiyanasiyana ataikidwa kale timatumbato.

Kwathu kuno chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta opaka ndi mapiritsi otsatsidwa pa WhatsApp. Palibe umboni woti amakulitsa bere, ndipo zosakanizamo amazidziwa ndi wogulitsa yekha, ngati akuzidziwa n'komwe.

Achemwali, mukamva chotupa m'bere musapake kalikonse. Pitani kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka akakuyezeni.