Zimene makina aona mu ubongo wa odwala matenda a maganizo

Mnyamata wa m'kwaya akayamba kumva mawu amene enafe sitikuwamva, kapena mayi wa Dorika akasiya kudya, osagona, n'kumangolankhula za imfa, timafulumira kupeza chifukwa. Ena timati wasuta chamba, ena timati alodzedwa, enanso timati chikhulupiriro chazirala. Chiwalo chimene chikudwalacho, ubongo, sitichitchula kawirikawiri.

Madokotala nawonso anakhala zaka zambiri opanda choloza. Mu 1976, Eve Johnstone, Tim Crow ndi anzawo pa chipatala cha Northwick Park ku London anajambula ubongo wa odwala schizophrenia ndi makina a CT, omwe anali atangofika kumene. M'kati mwa ubongo muli timapanga todzaza madzi totchedwa ma ventricle. Mwa odwalawo timapangati tinali tokulirapo, kusonyeza kuti mnofu wa ubongo wotizungulira unali wochepa.

Kafukufuku wina wa ku America, wa mu 1990, ndiye amatigwira mtima kwambiri. Anatenga mapasa 15 obadwa ku dzira limodzi, mmodzi wodwala schizophrenia, winayo wabwinobwino, n'kuwajambula ndi MRI. Pa mapasa 12, akatswiri anatha kuloza wodwalayo pongoyang'ana zithunzi. Anthu a magazi amodzi, olera amodzi, koma ubongo wosiyana. Choncho chibadwa chili ndi gawo, koma sichimaliza nkhani yonse.

Mu 2016 gulu la ofufuza la ENIGMA linaphatikiza zithunzi za odwala schizophrenia oposa 2,000 ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Linapeza kuti hippocampus, kachigawo kotithandiza kusunga zinthu zatsopano m'mutu, n'kocheperako. Chimodzimodzi amygdala ndi thalamus. Gulu lomweli litaunika odwala matenda ovutika maganizo kwambiri oposa 1,700, kusiyana kunapezeka makamaka pa hippocampus, ndipo kunali kochepa zedi, kupitirira pang'ono 1 peresenti. Kunaonekera mwa amene matendawa anawabwerera kangapo, osati mwa amene anadwala koyamba. Ofufuza ambiri amaloza cortisol, homoni imene thupi limatulutsa munthu akapanikizika. Hippocampus imamva msanga homoniyi, ndipo ikachuluka kwa miyezi, nthambi za maselo ake zimafota.

Apa tisathamange. Manambalawa ndi a magulu, osati a munthu mmodzi. Tikati ku Thyolo kumagwa mvula yambiri kuposa ku Nsanje tanena zoona, koma tikaona chithunzi cha munda wonyowa sitingadziwe kuti uli m'boma liti. Alipo odwala ambiri amene ubongo wawo pa MRI umaoneka ngati wa wina aliyense, ndipo alipo anthu athanzi a ma ventricle aakulu. Chinanso chosokoneza ndi mankhwala: ena mwa amene amaperekedwa pa schizophrenia amakulitsa kachigawo kotchedwa pallidum, motero si kusintha konse kumene kumachokera ku matendawo. Mowa ndi fodya nazonso zimasiya zizindikiro zake.

Kuchepaku sikutanthauza kuti zatha. Mwa odwala ovutika maganizo kwambiri amene alandira chithandizo cha magetsi chotchedwa ECT, hippocampus imaoneka itakulako pa zithunzi zojambulidwa pambuyo pake.

N'chifukwa chake tikaperekeza m'bale ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, tisadabwe akapanda kumujambula mutu. Chithunzi amachifuna pamene akukayikira chotupa, sitiroko kapena kuvulala. Matenda awiriwa amawazindikira pocheza ndi wodwalayo komanso pofunsa ife omuperekeza: anayamba liti kudzipatula, amagona maola angati, mawu amene akumvawo akumuuza chiyani, ndipo kodi wanenapo zodzipha. Funso lomalizali ambiri timachita nalo manyazi, koma dokotala amafuna yankho lake tsiku lomwelo.