MWANA AKAPITA KU TANZANIA NDI SUKULU, ZA UMOYO ZIYAMBIRE KUNYUMBA

Masiku ano si cacilendo kumva kuti ana a sukulu, a koleji kapena a kwaya akonza ulendo wa ku Tanzania kukaona doko la Dar es Salaam, mzinda wakale wa Bagamoyo kapena cisumbu ca Zanzibar. Makolo akamva nkhaniyi amathamangira kufuna ndalama, pasipoti ndi nsapato zatsopano. Za umoyo wa mwana zimakumbukika usiku womaliza, cola citamangidwa kale.

Taganizirani kutalika kwa njira. Mwana wa ku Luangwa boma, kumene akulu akali kuchula kuti Feira, ayamba wafika pa Luangwa Bridge, kenaka Lusaka, kenaka Kapiri Mposhi. Kucokera pa Kapiri, njanji ya TAZARA ndi makilomita 1,860 kukafika ku Dar es Salaam. Kaya apita pa sitima kaya pa basi yodzera pa Nakonde ndi Tunduma, agona panjira basi. Akadwala kumeneko, amai ake kulibe, anamwino a ku Katondwe amene amudziwa kulibe, ndipo womufunsa za matenda alankhula Ciswahili. Comwe cingamuthandize ndi cimene inu munamukonzera asananyamuke.

Pitani naye ku cipatala msanga

Kukali masabata 6 kuti anyamuke, pitani ndi mwanayo ku kiliniki kapena ku cipatala akamupime. Funsani za katemera wa yellow fever, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu amene amasandutsa maso cikasu. Dziko la Tanzania limafuna kadi yacikasu ya katemerayu kwa anthu ocokera kapena odzera ku maiko kumene kuli matendawa. Aphunzitsi afunsiretu ngati gulu lao lidzafunsidwa kadiyo pa malire, kuopa kukakanganirana pa Tunduma. Kadiyo iyamba kugwira nchito patapita masiku 10 cibayireni nyeleti, motero kubaya dzulo n'kunyamuka lero sikuthandiza. Kuyambira mu 2016, katemera mmodzi akwanira moyo wonse. Amene anabaya kale angosunga kadi yao bwino.

Musabise matenda

Apa ndiye pagona nkhani. Makolo ambiri safuna kuuza aphunzitsi kuti mwana ali ndi khunyu, mphumu, shuga, sickle cell kapena kuti amamwa ma ARV. Ena aopa kuti mwanayo amusiya pa ulendo, ena aopa miseche. Koma mwana akagwa m'sitima pakati pa usiku, mphunzitsi wosadziwa kanthu adzataya nthawi, ndipo nthawi imeneyo ndiyo moyo.

Sankhani mphunzitsi mmodzi wosunga cinsinsi, mumuuze zoona. Pemphani a cipatala akulembereni kalata yaifupi ya m'Cingelezi yonena za matendawo, dzina la mankhwala, muyeso wake, ndi mankhwala amene thupi la mwanayo limakana, monga penicillin kapena Septrin. Mankhwala akhale m'mapaketi ao olembedwa, osati omangidwa pa kansalu, ndipo akhale m'kacola ka m'manja. Onjezeranipo a sabata imodzi, cifukwa sitima ndi mabasi zimacedwa.

Nthawi ya Ciswahili

Anzathu a ku Tanzania amawerenga maola kuyambira m'mawa dzuwa likatuluka. Akati "saa moja asubuhi" atanthauza 7 koloko m'mawa, osati 1 koloko. "Saa mbili usiku" ndi 20 koloko. Kusiyana kwake ndi maola 6. Mwana akauzidwa nthawi yomwera mankhwala, apemphe kuti amulozere pa wochi kapena pa foni. "Kutwa mara tatu" ndiye kuti katatu patsiku.

Cinanso, nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi: kuno ikati 20 koloko, kumeneko yakwana 21 koloko. Kwa womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ola limodzi siliopsa. Coopsa ndico kulumpha tsiku.

Mau oyenera kuloweza

Madokotala a m'zipatala zazikulu amamva Cingelezi, koma m'makiliniki aang'ono a m'njira ndi m'masitolo a mankhwala mumamveka Ciswahili. Mwana aliyense aloweze mau awa ndi kuwalemba pa kapepala. "Naumwa" ndi ndadwala. "Homa" ndi kutentha thupi. "Kichwa" ndi mutu. "Ninahara" ndi ndatsegula m'mimba. "Ninatapika" ndi ndikusanza. "Dawa" ndi mankhwala, "zahanati" ndi kiliniki, "choo" ndi cimbudzi, ndipo "nisaidie" ndi ndithandizeni.

Cenjerani ndi mau ofanana ndi athu. M'Ciswahili "mimba" ndi pakati pa mzimai basi. Mtsikana wodandaula m'mimba anene kuti "tumbo linauma", apo ai adzamumva molakwa. Safunsa anadya phula: akapanda kumva bwino, afunsenso.

Udzudzu wa usiku ndi wa masana

Ena amati ife a m'cigwa ca Luangwa tinazolowera malungo. Kuzolowera sikuletsa kudwala, ndipo ku gombe la Tanzania malungo aliko. Mwana atenge neti yake yokhala ndi mankhwala, cingwe comangira, ndi mafuta odzola othamangitsa udzudzu. Thupi likatentha apimitse magazi tsiku lomwelo. Akapezeka ndi malungo, mankhwala ake ndi omwewo a kuno, Coartem, amene kumeneko amati ALu kapena "dawa mseto". Amwe kawiri patsiku kwa masiku 3, atadya, ndipo atsirize onse ngakhale wayamba kumva bwino.

Ku Dar es Salaam kulinso matenda a dengue, amene anabuka kwambiri mu 2014 ndi mu 2019. Udzudzu wake ndi wamawanga oyera ndipo umaluma masana, pamene neti ili copinda. Wodwala amatentha thupi, mutu umawawa kuseri kwa maso, mafupa amaphwanya, koma popima malungo sapezeka. Wotere amwe madzi ambiri ndi Panadol cabe. Aspirin ndi Brufen ai, cifukwa zingacititse magazi kutuluka m'mphuno ndi m'nkhama. Magazi akaoneka, kapena akayamba kusanza kosalekeza, kubwebweta kapena kukomoka, athamangire naye ku cipatala.

Madzi ndi cakudya ca panjira

Sitinaiwale kolera amene anayamba mu Lusaka mu October 2023 mpaka bwalo la Heroes linasanduka cipatala. Ku Tanzania nakonso anabuka mu August 2015, kuyambira mu Dar es Salaam. Malamulo ake ndi amodzi konsekonse: madzi a m'botolo losatsegula, owiritsa kapena othira klorini, cakudya cotentha cocokera pamoto, cipatso cosenda wekha, kusamba m'manja ndi sopo pocokera ku cimbudzi ndi musanadye. Saladi ya tomato ndi anyezi imene amati "kachumbari", ndiponso zakumwa zoikamo ayezi za m'mbali mwa mseu, ana azipewe. Madzi a kokonati yanthete yotsegulidwa iwo akuona ali bwino.

Gulu litenge mapaketi a Madzi a Moyo. Akatha, sungunulani tisupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi abwino. Wotsegula m'mimba amwe pang'onopang'ono kosalekeza. Cimbudzi cikakhala ngati madzi otsukira mpunga, apite ku cipatala nthawi yomweyo, akumwa panjira.

Kumenekonso amadya zamoyo za m'nyanja zimene ana athu sanalawepo, monga "kamba", tinkhanu tosiyana kutali ndi kamba wa kwathu. Mwana akadya natupa milomo, natuluka zidzolo kapena kubanika, afunika cipatala msanga.

Mphepo ndi nyanja yamcere

Ana a ku Luangwa anakulira m'citungu, ndipo ambiri alibe juzi yeniyeni. Njira idzera ku Mbeya, dziko la mapiri, kumene mu June ndi July usiku kumazizira koopsa. Juzi ndi kabulangeti zisatsale, makamaka kwa wa mphumu.

Mwana wodziwa kusambira mu Zambezi asadzitame. Madzi a nyanja yamcere amakwera ndi kutsika kawiri patsiku, ndipo pamene panali mcenga wouma masana pangamize munthu madzulo. Asalowe m'madzi popanda mphunzitsi ndi munthu wa komweko.

Akabwerako

Malungo amatenga masiku 7 kapena kuposerapo kuti aonekere, motero mwana angafike ali bwino n'kudwala ali kunyumba. Thupi likatentha kapena akatsegula m'mimba mwezi usanathe, musagule mankhwala pa kantemba. Bwerani naye ku kiliniki, ndipo musadikire kuti tikufunseni: tiuzeni kumene anapita, masiku amene anakhalako, ndi mankhwala amene anamwa ali kumeneko.