Milandu ya Eni Luso ndi Mafoni a pa Makoni

Mnyamata wokonza mafoni pa Makoni, m'tauni ya Chitungwiza, pamene akumatula galasi losweka ndi chala chakuda ndi guluu, salingalira kuti maonekedwe a chipangizocho anazengedwa mlandu ku California, kumene mu 2012 bwalo linagamula kuti Samsung ilipire Apple madola oposa 1 biliyoni chifukwa chotengera luso lolembetsedwa. Nkoyenera ndithu kuti wofesa akolole, ndipo patenti, imene kuno imalembetsedwanso ku bungwe la ARIPO mu Harare, imatchinjiriza wotulukira kwa zaka 20. Koma chuma chothera kwa maloya sichibala nzeru zatsopano, ndipo amisiri ang'onoang'ono, poopa kusumiridwa, amabwerera m'mbuyo. Akuluakulu anati mlandu suola: akatundu aŵiriwo anakokanakokana kufikira 2018, pamene anamvana kunja kwa bwalo.